Zithunzi zoonongeka ndizo zinandiphunzitsa kujambula

Chithunzi choyamba chimene ndinakapereka m'kalasi chinali cha mnzanga atakhala pafupi ndi zenera, buku lili m'manja. Ndinachijambula ndi kamera ya pasukulu, yomwe ophunzira tinkabwereka Lachisanu n'kukabweza Lolemba m'mawa. Pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera chinkaoneka chokoma ndithu, moti usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo. Koma aphunzitsi atachitsegula pa kompyuta n'kuchikulitsa pamaso pa kalasi yonse, ndinangoti kakasi. Zenera linali mbee ngati pepala losalembapo kanthu, nkhope ya mnzanga ili bii, maso osaoneka n'komwe.

Aphunzitsi sanandinyoze. Anangotembenuka n'kundifunsa kuti, "Pamene umajambula, kuwala kumachokera mbali iti?"

"Aphunzitsi, zimenezo sindinaziganizire," ndinatero.

"Ndiye usachifufute chithunzichi. Uchisunge. Chili ndi zambiri zoti chikuuze kuposa zabwino zonse zimene ujambule teremu ino."

Madzulo a tsiku lomwelo ndinatsegula foda pa kompyuta n'kuitcha dzina loti Zoonongeka. Ndikulemba nkhaniyi ndikuganizira wophunzira mnzanga amene wangoyamba kumene kugwira kamera, amene mwina akufufuta chithunzi chilichonse chosatuluka bwino asanachiyang'ane n'kawiri komwe, monga ndinkachitira ine. Pafupifupi zonse zimene ndikudziwa lero ndinazitola mu foda imeneyo.

Choyamba chimene ndinazindikira n'chakuti chithunzi chimasunga chokha mbiri yake. Mkati mwa fayilo muli zolembedwa zotchedwa EXIF. Kamera imalembamo tsiku ndi nthawi, lens imene munagwiritsa ntchito, komanso manambala atatu olamulira kuwala kwa chithunzi, a shutter, aperture ndi ISO. Pa kompyuta mumazipeza mukatsegula pamene pamaoneka zambiri za fayiloyo, ndipo mafoni ambiri amazionetsanso. Choncho chithunzi chikaonongeka simufunika kuchita kuganizira kuti chalakwika n'chiyani, umboni uli pomwepo. Ndinapeza kope laling'ono, ndipo pa chithunzi chilichonse choipa ndinkalembamo chimene chalakwika, manambala ake, ndi chimene ndidzasinthe ulendo wina.

Pa chithunzi cha pazenera chija, kamera sinalakwe kanthu. Mkati mwake muli kachipangizo koyeza kuwala, ndipo kameneka sikadziwa ngati kutsogolo kuli munthu, khoma kapena mitambo. Kamangoona kuwala konse kolowa n'kuyesetsa kuti zonse zikaphatikizana zituluke zotuwa pakatikati, zosayera komanso zosada. Ojambula amati utuwa umenewu ndi wa 18 peresenti, kutanthauza chinthu chimene chimabweza pafupifupi gawo limenelo la kuwala kogwera pa icho. Tsono zenera lowala likatenga mbali yaikulu ya chithunzi, kamera imaona ngati kuwala kwachulukitsa, imakuchepetsa, ndipo amene amamira mu mdima ndi munthu wokhala kutsogolo kwa zeneralo. N'chifukwa chomwecho khoma loyera limatuluka lotuwa, ndipo nsalu yakuda nayo imatuluka yotuwa. Yesani nokha: dzazani chithunzi chonse ndi pepala loyera, kenako ndi nsalu yakuda, kamera ili pa Auto. Mudzadabwa kuona kuti zithunzi ziwirizo zikufanana.

Mankhwala ake ndi kabatani kolembedwa +/−. Mukapita pa +1 mwauza kamera kuti ilowetse kuwala kowirikiza kawiri kumene inafuna, mukapita pa −1 mwaiuza kuti ilowetse theka. Kabatani kameneka ndinakadziwa patatha milungu itatu ndikugwira kamera, chonsecho kanali pansi pa chala changa tsiku lililonse. Koma pa chithunzi cha mnzanga chija panalinso njira yapafupi kuposa pamenepo. Ndikanangomupempha kuti atembenuke ayang'ane kuzenera, ine n'kuima chapambali, kuwala kukanagwera pankhope yake m'malo mochokera kumsana.

Nkhani yoyeza kuwala imandikhudza kwambiri chifukwa ambiri amene ndimawajambula ndi akhungu lakuda ngati ine. Munthu wotero akavala malaya oyera, dzuwa likuswa mtengo, kamera imatsata malayawo ndipo nkhope imasowa. Ndaona ophunzira anzanga akuthamangira kukawalitsa nkhope pa kompyuta mpaka khungu kutuwa ngati munthuyo wadwala, ndipo zimandiwawa. Khungu lakuda lili ndi maonekedwe ochuluka. Limanyezimira pamphumi ndi pamasaya, ndipo kunyezimirako ndi kumene kumaonetsa mmene nkhope inaumbidwira. Chofunika ndi kulipatsa kuwala kwabwino pojambula pomwepo. Ndimamuimika munthuyo m'mphepete mwa mthunzi akuyang'ana kumene kuli poyera, ndimasankha njira yoyezera kuwala pa kadontho kamodzi yotchedwa spot, n'kuyeza pankhope, kenako n'kuona ngati malaya sanapse. Nthawi zina mnzanga amandigwirira pepala lalikulu loyera m'munsi mwa chibwano cha wojambulidwayo kuti libweze kuwala m'maso. Pepala wamba limagwira ntchito imeneyi bwinobwino.

Chithunzi chachiwiri cholowa mu foda chinali cha madzulo, mu holo ya sukulu, anzathu akuyeserera sewero. Chonse chinali chimbuuzi, ngati ndajambula kudzera m'galasi lonyowa. EXIF inandiuza kuti shutter inali pa 1/15, lens pa 55mm, ISO pa 400. Shutter ndi kachitseko kamene kamatseguka n'kutseka mukadina batani, ndipo 1/15 ikutanthauza kuti kanakhala kotsegula gawo limodzi mwa magawo 15 a sekondi. Kwa munthu ndi kanthawi kochepetsetsa, koma n'kokwanira kuti dzanja ligwedezeke ndiponso wosewera atembenuze mutu.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndimauza aliyense woyamba kumene. Chimbuuzi sichimodzi, ndipo chithunzicho chimakuuzani chokha mtundu wake mukachikulitsa. Ngati zonse zili chimbuuzi, munthu ndi khoma ndi mpando womwe, ndipo mizere yonse yakokekera mbali imodzi, ndiye kuti dzanja lanu ndi limene linagwedezeka. Ngati khoma likuoneka bwino koma munthu wafufutika, ndiye kuti munthuyo anayenda shutter ili yotsegula. Ngati munthu sakuoneka bwino pamene chinthu china kumbuyo kapena kutsogolo kwake chikuoneka mpaka timizere take, ndiye kuti focus, kumene lens yalunjika kuti kuoneke bwino, inagwera pamalo olakwika. Matenda atatu amenewa ali ndi mankhwala osiyana, ndipo ine ndinataya nthawi yaitali ndikulimbana ndi focus pamene vuto linali dzanja.

Pa kugwedezeka kwa dzanja pali lamulo lakale losavuta: nambala ya pansi ya shutter isachepere kutalika kwa lens. Lens ya 55mm ikufuna 1/60 kapena kufulumira kuposa pamenepo, ya 200mm ikufuna 1/200. Pa makamera a sensor yaing'ono (sensor ndi kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera), omwe ndi amene ophunzira ambiri amagwira, ndi bwino kufulumizako pang'ono, ndiye pa 55mm ine ndimayambira pa 1/100. Ma lens ena ali ndi chipangizo chochepetsa kugwedezeka, koma chimenecho chimathandiza dzanja lanu lokha, sichiimitsa munthu amene akuyenda. Woyenda amafuna 1/250, wothamanga 1/500 kapena 1/1000. Kagwiridwe nakonso kali ndi gawo lake: dzanja lamanzere pansi pa lens, zigongono zitakhudza nthiti, kupuma modekha, ndi kudina batani mofatsa osati kulibaya.

Tsiku lina aphunzitsi anatisonyeza chithunzi chimene Louis Daguerre anajambula mu 1838, cha msewu wa Boulevard du Temple mu mzinda wa Paris. Msewuwo unali wa piringupiringu, ngolo ndi anthu oyenda pansi, koma pachithunzipo uli zii. Nthawi imeneyo kujambula chithunzi chimodzi kunkatenga mphindi zingapo, ndiye chilichonse choyenda sichinasiye chizindikiro. Amene akuoneka ndi bambo mmodzi pakona, mwendo uli m'mwamba, akupolishitsa nsapato, chifukwa iye anaima malo amodzi nthawi yokwanira. Chiyambire kuona chithunzi chimenecho sindinaiwalenso ntchito ya shutter. Chinandiphunzitsanso kuti chimbuuzi si mdani nthawi zonse. Mukaika kamera pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, kapena pa khoma chabe, n'kutsegula shutter kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, madzi oyenda amasanduka ngati utsi, ndipo magetsi a galimoto usiku amasiya mizere yaitali.

Aperture inandizunguza mutu kuposa zonse. Ndi bowo la mkati mwa lens lolowera kuwala, ndipo manambala ake amaoneka ngati oyenda chambuyo: f/2 ndi bowo lalikulu, f/16 ndi kabowo kakang'ono. Zinandilowa tsiku limene ndinamva kuti nambalayo ndi yogawira. Chilembo cha f chikuimira kutalika kwa lens, ndiye pa lens ya 50mm, f/2 ndi 50 kugawa ndi 2, bowo la mamilimita 25, pamene f/8 ndi bowo la mamilimita 6 ndi pang'ono. Manambala ake odziwika amayenda motere: 1.4, 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16, 22, ndipo mukasuntha kuchoka pa imodzi kupita pa yotsatira mwachepetsa kuwala ndi theka. Ndinawaloweza ngati ndakatulo ndikuyenda kupita m'kalasi.

Bowo limeneli limalamuliranso kukula kwa dera looneka bwino, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Likakula, dera limachepa. Wophunzira wina wa chaka chomaliza anandibwereka lens ya 50mm f/1.8, ndipo ndinakopeka nayo zedi. Munthu ankaoneka ngati watuluka m'chithunzi, kumbuyo konse kutasungunuka. Kwa mlungu wathunthu sindinachoke pa f/1.8. Kenako anzanga asanu a gulu lathu anandipempha kuti ndiwajambule limodzi tsiku lomaliza la ntchito yathu, atatu kutsogolo, awiri kumbuyo. Chithunzicho chinatuluka ndi nkhope imodzi yokha yooneka bwino, ndipo tsikulo silinabwerenso. Zinandipweteka, chifukwa anandikhulupirira. Gulu la mizere iwiri limafuna f/5.6 kapena f/8, wojambula n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ndipo pojambula munthu mmodzi ndi bowo lalikulu, focus iyenera kugwera pa diso limene lili pafupi ndi kamera. Kuyambira pamenepo ndinasiya kulola kamera kundisankhira malo a focus, ndinaika kadontho kamodzi kamene ndimakasuntha ndekha.

Ngati muli ndi lens yobwera ndi kamera, ija ya 18-55mm, musaipeputse. Dziwani chabe malire ake. Pa 18mm imatseguka mpaka f/3.5, koma mukaikoka kufika pa 55mm imathera pa f/5.6. N'chifukwa chake chithunzi changa cha mu holo chinagwera pa 1/15: ndinakoka lens mpaka kumapeto, bowo linachepa, kamera inasowa kochokera kuwala n'kuchedwetsa shutter. Komabe ndi lens yomweyo mungathe kusungunula kumbuyo kwa munthu. Ikani pa 55mm, yandikirani, ndipo onetsetsani kuti khoma kapena mitengo ya kumbuyo ili patali ndi iye.

Za ISO, nambala imene ikakwera chithunzi chimawala ngakhale kuwala kolowa kuli kochepa, ndinasokonezedwa ndi uphungu umene ndinaumva n'kuugwira osaufunsa. Wina anandiuza kuti ndisadutse 400 chifukwa chithunzi chimadzadza timadontho ngati mwawazapo mchenga. N'zoona kuti timadontho timachuluka ISO ikakwera. Koma taonani masamu a chithunzi cha mu holo chija. Pa ISO 400 ndinali pa 1/15. Ndikanapita pa 800 ndikanapeza 1/30, pa 1600 ndikanapeza 1/60, pa 3200 ndikanapeza 1/125, ndipo nkhope za osewera zikanaoneka. Chithunzi cha timchenga munthu amachiyang'ana n'kuzindikira m'bale wake. Chithunzi cha chimbuuzi palibe chimene mungachite nacho. Lero ndikalowa malo amdima ndimayamba ndasankha shutter imene ikufunika, ndimatsegula bowo mmene ndingathere, ISO n'kukwera mpaka pamene pakufunika, mosaopa.

Zitatuzi zimabwerekana. Kuwirikiza kawiri kapena kudula theka la kuwala ojambula amakutcha stop, ndipo stop imodzi ya shutter ndi yofanana ndi stop imodzi ya aperture kapena ISO. Choncho f/8 pa 1/125 imalowetsa kuwala kofanana ndi f/5.6 pa 1/250, kofanananso ndi f/4 pa 1/500. Kuwala n'kumodzi, koma zithunzi zake n'zosiyana, ndipo kusankha pakati pa zimenezi ndiyo ntchito ya wojambula. Panja dzuwa likuwala bwino pali poyambira pena pakale: f/16, shutter n'kufanana ndi ISO, monga 1/100 pa ISO 100. Ndinkachita masewera ndekha poyenda, kuyang'ana malo n'kunena manambala mumtima ndisanayatse kamera, kenako n'kuona ngati ndalondola. Miyezi iwiri isanathe ndinkaphonya ndi stop imodzi yokha.

Pali maganizo ena pakati pa ophunzira oti wojambula weniweni amakhala pa M nthawi zonse, pamene munthu amasankha yekha bowo ndi shutter. Ine sindigwirizana nawo. Amene wangoyamba akadumphira pa M amakhala akulimbana ndi mabatani, zochitika n'kumudutsa. Ndi bwino kuyamba ndi A, yomwe makamera ena amalemba Av, pamene inu mumasankha bowo kamera n'kusankha shutter. Mukakhala pamenepo milungu iwiri, pitani pa S kapena Tv, pamene mumasankha shutter. Chinthu chimodzi chikakhazikika m'manja, china chimalowa mosavuta. M ndimaigwiritsa ntchito pamene kuwala sikukusintha, kapena pamene kamera ikunyengeka mobwerezabwereza.

Komabe manambala onsewa sanandipatse chithunzi chokongola. Ankangondipatsa chithunzi chosalakwika. Funso la aphunzitsi lija, loti kuwala kukuchokera kuti, ndinaliyankha bwino pa nthawi ya tchuthi, kamera ya sukulu itatsekeredwa mu ofesi, ine ndili ndi foni yokha. Usiku wina ndinaika kapu yoyera patebulo, ndinazimitsa magetsi, n'kutenga tochi. Nditaunika kuchokera kumene kunali foni, kapu inaoneka yafulati ngati yodulidwa papepala. Nditasunthira tochi kumbali, mbali imodzi inawala, ina inada pang'onopang'ono, ndipo kapu inaoneka yobulungira, mpaka kachilema kakang'ono ka pamlomo pake kanaonekera. Nditaunika kuchokera kumbuyo, kapu inada koma m'mphepete mwake munatuluka kamzere kowala kopyapyala. Kenako ndinaika pepala loyera pakati pa tochi ndi kapu. Mthunzi umene unali wakuthwa ngati wodulidwa ndi mpeni unafewa nthawi yomweyo. Nditayandikiza pepalalo kwa kapu, unafewa kwambiri.

Usiku umenewo ndinamvetsa kuti kufewa kwa kuwala kumadalira kukula kwa chimene chikuwalitsa, poyerekeza ndi chimene chikuwalitsidwa. Dzuwa ndi lalikulu koopsa, koma lili kutali kotero kuti kumwamba limaoneka kadontho, n'chifukwa chake mithunzi yake ndi yakuthwa. Mitambo ikaliphimba, thambo lonse limasanduka chowalitsa chimodzi chachikulu ndipo mithunzi imafewa. Zenera lalikulu losalowa dzuwa mwachindunji limachitanso chimodzimodzi. Ndinaonanso kuti tochi ikatalikira kawiri, kuwala kofika pa kapu sikutsala theka ayi, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake flash ya pamwamba pa kamera imawotcha nkhope ya amene ali pafupi, a kumbuyo n'kutsala mu mdima, komanso chifukwa chake kuyatsa flash uli kumapeto kwa holo yaikulu sikuthandiza chilichonse.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuona kuwala ngakhale ndilibe kamera. Dzuwa likakhala paliwombo, maso a munthu amalowa mu mthunzi wa nsidze, pansi pa mphuno n'kudanso. Ola loyamba dzuwa litatuluka ndi ola lomaliza lisanalowe, kuwala kumabwera chammbali, kofiirira, ndipo chilichonse chimaonetsa maumbidwe ake, njerwa, makwinya, udzu. Nthawi zambiri malo amakhala abwino kale koma nthawi ndiyo sinakwane, ndiye ndimakhala pansi n'kudikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe ntchito imene mawuwa amaiyenera kuposa iyi.

Kuwala kulinso ndi mtundu, ngakhale maso athu amatibisira. Zithunzi zanga za m'nyumba usiku zinkatuluka zachikasu chofiirira, za mu mthunzi zinkapendekera ku buluu. Mtundu umenewu amauyeza ndi manambala a Kelvin: babu la kuwala kofiirira limakhala cha pa 2700 mpaka 3000, kuwala kwa masana cha pa 5500, mthunzi wa panja cha pa 7000 kapena kuposerapo. Kamera imakonza zimenezi ndi white balance, ndipo Auto yake imachita bwino nthawi zambiri. Imalephera pamene m'chipinda muli kuwala kwa mitundu iwiri, kwa zenera ndi kwa babu. Pamenepo ndimangozimitsa babu.

Apa ndi pamene RAW, mtundu wa fayilo ya chithunzi imene kamera sinaikonze, imathandiza. Fayilo ya JPEG kamera imakhala itaikonza kale n'kutaya zotsala, ndipo mtundu uliwonse mwa itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, umakhala ndi masitepe 256 okha kuchokera ku mdima kufika koyera. RAW imasunga masitepe 4096 kapena 16384, malinga ndi kamera, ndiye mungathe kukonza white balance ndi kutulutsa zimene zinabisala mu mthunzi popanda kuononga chithunzi. Mapulogalamu aulere monga darktable ndi RawTherapee amatsegula mafayilo amenewa, choncho wophunzira sakuyenera kudikira kuti apeze pulogalamu yolipira. Koma RAW sichotsa chimbuuzi, ndipo malo amene anapsa mpaka kuyereratu alibe chobweza. Poteteza zimenezi ndinasiya kukhulupirira kagalasi ka kumbuyo, kamene kamaoneka kowala usiku ndi kakuda padzuwa, n'kuyamba kuyang'ana histogram. Ndi kachithunzi konga phiri: kumanzere ndi mdima, kumanja ndi koyera. Phirilo likakakamira kukhoma la kumanja, dziwani kuti penapake papsa.

Za kaikidwe ka zinthu m'chithunzi sindinena zambiri, chifukwa zimenezi zimabwera ndi kuyang'ana zithunzi zabwino zambirimbiri. Lamulo logawa chithunzi patatu, mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, n'kuika chinthu chofunika pamene mizere ikumana, ndi poyambira pabwino, koma si lamulo loti munthu angamangidwe nalo. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi chizolowezi choyendetsa diso m'mphepete monse mwa chithunzi ndisanadine. Mu foda yanga muli anthu amene pamutu pawo pamera mtengo wa magetsi, ena odulidwa mapazi, ena ogawana chithunzi ndi chigongono cha munthu wodutsa. Kusuntha phazi limodzi kumanzere kukanathetsa zonsezo. Ana ajambuleni mutagwada kuti mufanane nawo msinkhu. Ndipo musayandikize lens yaifupi, monga 18mm kapena ya foni, pafupi kwambiri ndi nkhope, chifukwa mphuno imakula makutu n'kuchepa. Bwererani m'mbuyo n'kukoka lens.

Pali chithunzi chimodzi mu foda imeneyo chimene manambala ake ali bwinobwino, kuwala kwake n'kokongola, koma ndi choonongeka kuposa zonse. Tinapatsidwa ntchito yojambula anthu ali pantchito zawo. Ndinaona bambo wina wachikulire akusoka nsapato pansi pa mtengo, kuwala kwa madzulo kukugwera pa manja awo. Ndinaima patali, ndinakoka lens, n'kudina. Anamva kulira kwa kamera, anakweza mutu, n'kundikodola.

"Mwanawe, ukanayamba wabwera kudzandilonjera. Sindikanakukaniza."

Ndinachita manyazi kwambiri. "Pepani bambo, ndalakwa. Ndichifufute?"

"Tandionetsa kaye."

Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati manja sakuoneka bwino, ndiyandikire. Ndinakhala nawo pafupifupi ola lathunthu, akundifotokozera za ulusi ndi singano zawo, ndipo zithunzi zimene ndinajambula nditakhala pambali pawo ndi zimene ndinapereka m'kalasi. Mlungu wotsatira ndinawapititsira chimodzi chosindikiza. Choyamba chija anandilola kuchisunga, koma sindinachionetsepo wina aliyense. Kuyambira tsiku limenelo ndimapempha kaye, ndimanena kumene chithunzicho chikupita, ndipo ngati ndi mwana ndimafunsa makolo ake. Munthu akakana ndimathokoza n'kupitirira. Nkhope ndi yake, ndipo chithunzi chikangolowa pa intaneti palibe amene angachibweze.

Chisoni china chimene ndikufuna kuti chisakugwereni ndi cha memory card. Kamera yobwerekana imadutsa m'manja ambiri. Lolemba lina ndinabweza kamera khadi ili momwemo, ndikuganiza kuti ndikopera masana. Wobwereka wotsatira anaifufuta yonse, monga zinalili zoyenera, ndipo ntchito ya masiku awiri inapita. Tsopano ndili ndi khadi yangayanga, ndimakopera zithunzi tsiku lomwelo, ndipo sindifufuta khadi mpaka zithunzizo zitakhala malo awiri osiyana, pa kompyuta ndi pena. Pofufuta ndimachita format mkati mwa kamera momwemo. Ndipo ndikalandira kamera yochokera kwa wina, ndisanajambule kanthu ndimayamba ndaona ISO, white balance ndi kabatani ka +/− kaja, chifukwa mnzanu angathe kuisiya pa ISO 6400 inu n'kukajambulira padzuwa tsiku lonse.

Kumapeto kwa chaka ndinamupempha mnzanga uja kuti tibwerere pazenera lomwe lija, ndi buku lomwelo. Inali nthawi ya m'mawa, dzuwa lisanafike mbali imeneyo ya nyumba. Ndinazimitsa magetsi a m'chipinda, ndinamukhazika chammbali kuti zenera likhale kumanzere kwake, n'kuimika pepala loyera pampando kumanja kuti libweze kuwala pang'ono patsaya lamdima. Ndinaika lens pa 55mm, f/5.6, 1/125, ISO 800, kadontho ka focus pa diso lapafupi. Ndinamuuza kuti angowerenga, asandilabadire. Patapita mphindi zingapo anafika pa chiganizo china chimene chinamusangalatsa, anakweza maso kuyang'ana panja, ndipo zenera lonse linaoneka m'diso lake ngati kabokosi kowala. Ndinadina kamodzi.